Makadi a Pensulo

Mayi anachotsa wotchi yakufa pashelefu, anachotsanso kambale ka mabatani, n'kupukuta malowo ndi kansalu. Atatero anayeza mpatawo ndi chikhatho.

"Likwana apa?" anafunsa. "Kapena ndi lonenepa?"

Mwana wawo woyamba, amene kuntchito ndi kunyumba komwe ankamutchula kuti Manejala, anali atakoleka mipando iwiri yapulasitiki m'mikono, yoti ibwerere kwa aneba. Linali tsiku lachinayi chiikireni bambo ake m'manda, ndipo ntchito ya mipandoyi anaisankha yekha chifukwa inkamutulutsa m'nyumba pafupipafupi.

"Chiyani, amayi?"

"Buku la bambo ako. Ukufunsa ngati mlendo bwanji?"

"Likwana," anatero Manejala. "Mabuku a masiku ano amawapanga oonda."

"Nanga akubweretsa liti?"

"Sabata yamawa. Kapena inayo. Latsala chikuto basi."

Mlongo wake, telala, amene ankapinda malaya a malemu pampando wautali, anakweza maso pang'ono n'kuwabwezanso pa kolala. Anali ndi diso la matelala onse: akakuyang'ana kamodzi, ndiye kuti wakuyeza kale.

Bukulo kunalibe. M'kuganiza kwa Manejala, munthu mmodzi yekha padziko ndiye ankadziwa zimenezi, ndipo munthuyo anali ataima pakhomo ndi mipando m'mikono.

Bambo awo anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu ndi zinayi. Ana asukulu anawapatsa dzina loti Palikusiyana. Mwana akanena kuti mawu awa ndi awa tanthauzo lake n'limodzi, iwo ankavula magalasi n'kunena mofatsa kuti, "Pali kusiyana," ndipo ngakhale belu lilire, palibe ankatuluka mpaka kusiyanako kutapezeka. Atapuma ntchito anayamba kulemba makadi. Khadi lililonse linali ndi mawu awiri achingerezi pamwamba, ofanana ngati ana a mimba imodzi, ndipo m'munsi mwake ankafotokoza m'chinenero chathu pamene awiriwo amasiyanira, n'kuikapo chitsanzo. Analemba zaka khumi ndi chimodzi. Ndiye tsiku lina, zaka zitatu zapitazo, anavala tayi, anakwera basi, n'kukafika ku ofesi ya mwana wawo atanyamula katoni ya sopo yomanga ndi chingwe.

"Ndafika pamene ndingathe," anatero. "Chatsala ndi kutayipa, kenako osindikiza. Kumeneko ine ndilibe maso."

"Musadandaule, bambo," anayankha Manejala, mokweza pang'ono kuti a m'chipinda china amve. "Ndili ndi mlembi, ndili ndi makina, ndipo osindikizawo ndimadya nawo."

Zonse zitatuzi zinali zoona. Katoni inakhala pansi pa desiki miyezi iwiri, ndipo inapezeka kuti ndi yabwino kupondapo mapazi. Inasamukira m'buti ya galimoto, pafupi ndi tayala la sipeya. Kenako, tsiku lina pofuna malo oika matumba a simenti, anaitsitsa n'kukaiika m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yake, kosungiramo penti wotsala ndi njinga zothyoka. Anati ikhalamo masiku awiri okha.

Koma pafoni bukulo linkayenda bwino kwambiri. Linatayipidwa. Linaperekedwa kwa katswiri kuti aliwerenge. Katswiriyo anadwala, anachira, anasamuka. Makina a osindikiza anawonongeka, ndipo chitsulo chake chinachokera kutali, pa sitima yosafulumira. Manejala sankadziona ngati wabodza. Ankadziona ngati munthu wofotokoza zinthu zisanachitike, yomwe ndi ntchito ya manejala aliyense. Lamlungu lililonse bambo ankafunsa kuti, "Osindikiza akuti bwanji?" Iye ankayankha, iwo n'kuti, "Chabwino, mwanawe. Chinthu chabwino sichithamanga."

Kuchipatala, kutatsala masiku awiri kuti amwalire, bambo anafunsanso, mawu akumveka ngati akuchokera m'chipinda china.

"Ndaliona ndi maso angawa, bambo," anatero Manejala. "Chikuto chake n'chobiriwira."

"Chobiriwira," anatero iwo, n'kutseka maso. "Wachita bwino."

Mawu awiri amenewo ndiwo ankamunyamulitsa mipando.

Atabwerako kwa aneba anapeza mlendo pabalaza. Anali wapolisi wopuma ntchito, munthu wathupi, chipewa chili pabondo, mmodzi wa ana asukulu oyambirira a malemu. Kapu ya tiyi inkaoneka ngati choseweretsa m'dzanja lake.

"Achimwene, pepani ndithu," anatero wapolisiyo. "Tsiku lija simunandione, anthu anachuluka. Koma mawu anu ndinawamva. Munalankhula ngati nduna."

Manejala anaweramitsa mutu modzichepetsa, monga anazolowera kuchita akayamikiridwa. Mawu a pamaliro aja anawakonza masiku awiri, ndipo ndime yomaliza anaiika m'Chingerezi, polemekeza ntchito ya malemu, komanso kuti anzake a ku ofesi asaone ngati anayenda ulendo wachabe.

"Kungoti," anapitiriza wapolisi, akuzunguliza chipewa, "pamene munati bambo anali notorious teacher, ife a kumbuyo tinagwidwa chifuwa."

"Chifuwa?"

"Anthu makumi awiri, achimwene, kutsokomola nthawi imodzi. Amenewo anali mawu a sabata yoyamba, kalasi iliyonse. Malemu ankalemba pabolodi, famous uku, notorious uku, n'kudula mzere pakati. Ankati onse ndi kutchuka, koma famous ndi dokotala amene anthu amamulondola kuchokera kutali. Notorious ndi uja akalowa mumsika, amayi onse amagwira zikwama. Ine a notorious ndagwira nawo ntchito zaka makumi atatu, ndikuwadziwa ndi fungo lomwe. Bambo anu sanali m'gulumo."

Telala anabisa nkhope m'malaya amene ankapinda. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo munthu wosamudziwa akanati akulira.

"Mawu amasintha ndi nthawi," anatero Manejala. "Ife a m'maofesi timawagwiritsa ntchito mosiyanako."

"N'zotheka," anatero wapolisi, mwaulemu wa munthu amene wamvapo zifukwa zambiri pakauntala. "Ine ndinangoyang'ana bokosi, kudikira kuti litseguke."

"Akanakhala ndi mphamvu akanadzuka," anatero mayi, osaseka.

Wapolisi anaika kapu pansi. "Koma chimene ndabwerera ndi buku. Munalengeza kuti latsala pang'ono. Ife ana awo tagwirizana kuti tsiku lotuluka tidzasonkhane kusukulu kuja, amayi adzatsegule loyamba. Ena ali kutali, akufuna tsiku lenileni kuti apemphe tchuthi."

"Tsiku lenileni," anabwereza Manejala, ngati mawu achilendo. "Ndiwafunsa osindikiza."

Mlendo atapita, telala anaika malaya omaliza pamulu, anavala nsapato, n'kutenga kachikwama kake.

"Tiyeni, achimwene."

"Kuti?"

"Kwa osindikiza. Amayi aone ngakhale chikuto chokha. Inenso ndikufuna ulusi wakuda m'tauni."

"Lero satsegula."

"Lachitatu?"

"Ali ndi msonkhano wa antchito."

"Tikagogoda. Si paja mumadya nawo? Bambo ankauza aliyense zimenezo, mpaka wogulitsa nyuzipepala."

Manejala anayendetsa galimoto ngati munthu amene akuyesedwa mayeso a laisensi. Anaima pa chikwangwani chilichonse, analola ngolo kudutsa, ndipo pa raundabauti anazungulira kawiri. Pomaliza anaima kutsogolo kwa kashopu kojambula mapepala ndi kusindikiza makalata a ukwati. Sanazimitse injini.

"Ndi pano?" anafunsa telala.

Iye anawerenga chikwangwani cha shopuyo mosamala, kuyambira pamwamba mpaka nambala ya foni.

"Ayi."

"Achimwene, ine ndimasoka. Munthu akabwera kudzafunsa diresi lake, ine nsalu ndisanaidule n'komwe, ndimamuuza kuti latsala mabatani. Ndiye zoti latsala chikuto ndikuzidziwa. Amenewo ndi mabatani. Nsalu ili kuti?"

"Kunyumba kwanga."

"Yodula?"

"Ayi."

"Ngakhale tsamba limodzi lotayipa?"

Kunja munthu wina ankakankha wilibala ya njerwa, ndipo Manejala anamutsatira ndi maso mpaka anakhota.

"Mayo ine," anatero telala, motsitsa. "Ndinkaganiza kuti mwina theka."

"Iwe sudziwa mmene ofesi imakhalira. Chaka chija tinali ndi oyendera, kenako anasintha makompyuta onse, kenako..."

"Yendetsani galimoto."

Kunyumba anapeza mkazi wake akuyanika makatani pachingwe, zopanira zili pakamwa.

"Mwabwera msanga?" anatero atazilavulira m'dzanja. "Alamu, takulandirani. Amayi adzuka bwanji?"

"Kiyi wa kachipinda kakuseri ali kuti?" anafunsa Manejala.

"Pamsomali, pomwe apongozi anamusiya."

"Apongozi ati?"

"Apongozi aamuna. Bambo anu. Ulendo uja anabwera kudzaonana ndi dokotala wa mtima, nthawi ya mvula. Inu munali ku msonkhano. Anati mpando wapakhonde ukugwedera, akufuna nyundo. Analowa umo, anakhalamo mpaka tiyi anazizira kawiri. Atatuluka anandipempha pepala la pulasitiki ndi ulusi, n'kubwereramo."

"Nyundoyo anaipeza?" anafunsa telala.

"Mpando ukugwederabe."

"Nanga osandiuza bwanji?" anatero Manejala.

"Anati ndisakuvutitseni, muli ndi zambiri m'mutu. Kodi muli chiyani m'menemo?"

Chitseko chinakana kaye, kenako chinalola. M'katimo munkanunkha chinyezi ndi penti. Pamwamba, pa lata, panali kabowo kolowa chala, ndipo kadzuwa kolowera pamenepo kankagwera pansi penipeni pamene Manejala anasiya katoni zaka zija. Pasimenti panatsala chizindikiro chake chokha, cha ngodya zinayi, chakuda. Katoniyo inali pambali, pamwamba pa thabwa logonekedwa pa zitini ziwiri za penti, yokutidwa ndi pulasitiki, yomangidwa bwino ndi mfundo yosavuta kumasula.

Telala ndiye anamasula. Makadi anali atapindikapindika ngati masamba ouma. Zinkaoneka kuti anamatana ndi madzi, ndipo wina anawalekanitsa limodzilimodzi, n'kuwasanja m'mitolo, mtolo uliwonse ndi ulusi wake. Koma inki inali itasungunuka. Khadi lililonse linali kamtambo kabuluu. Apa ndi apo pankaoneka chilembo chimodzi, mchira wa liwu, mzere wodula pakati. Telala anatsegula mtolo wachiwiri, wachitatu, wachisanu, kenako analeka. Pansi penipeni panali kamtolo koonda, makadi osakwana makumi atatu, olembedwa ndi pensulo. Amenewo madzi anawanyowetsa koma sanawachotse liwu ndi limodzi lomwe.

Manejala anakhala pa chitini cha penti ndi buluku lake lakuda la pamaliro. Kuchokera nthawi ya mvula kunali kutapita miyezi isanu ndi itatu. Malamlungu onsewo foni inkalira, funso linkabwera, iye ankakonza makina a osindikiza n'kuwawononganso, ndipo mbali inayo munthu ankamvetsera mpaka kumapeto, osamudula.

"Ankadziwa," anatero.

"Eya."

"Ndinawauza kuti chikuto n'chobiriwira. Anati ndachita bwino."

Telala anabwezera mitolo m'katoni monga anaipezera.

"Akanandikalipira bwenzi zili bwino," anatero Manejala.

"Mukanapeza poyankha. Mumatha kuyankha inu."

Kenako mutu wa Manejala, umene sunazolowere kukhala wopanda pulani, unayamba kugwira ntchito wokha.

"Tamvera. Zinthu zimenezi zili pa intaneti. Tikhoza kupeza munthu wophunzira, alembe zofanana, masabata atatu. Tiike dzina la bambo, chikuto chobiriwira. Ana asukulu aja asangalale. Amayi Chingerezi sawerenga, angoliika pashelefu basi. Palibe amene apwetekedwe."

"Nyamulani katoni, achimwene."

"Ndiye amayi ukawauze ndiwe. Iwe amakumvera."

"Ine ndinabwera kudzagula ulusi."

Pobwerera, katoni inakhala pampando wakutsogolo, telala kumbuyo. Manejala anakonza m'mutu mawu okanena: mfundo zitatu, yoyamba yofotokoza mmene zinthu zinalili, yachiwiri yovomera mbali yake, yachitatu ya njira yakutsogolo. Anaona kuti yachitatuyo inali yabwino ndithu.

Anapeza mayi kukhitchini, akutsuka makapu obwereka n'kumawasanja patebulo malinga ndi nyumba zimene anachokera. Dzuwa linali litapendeka, likulowera pazenera. Manejala anakankha makapu pang'ono n'kuika katoni. Mayi anaiyang'ana, anapukuta manja pachitenje, ndipo anaizindikira asanaigwire.

"Osindikiza abweza?"

Mfundo zitatu zija zinathawa zonse, ngati antchito nthawi yoweruka.

"Silinapiteko, amayi. Kulibe buku. Ndinaiika m'kachipinda kakuseri, inanyowa. Ndinkanama. Zaka zonsezi."

Mayi anakoka mpando n'kukhala. Anamasula chingwe okha, anatenga mtolo umodzi, n'kumatembenuza makadi pang'onopang'ono, ngati munthu woona zithunzi za anthu amene sakuwadziwa.

"Ulusiwu wamanga ndani?"

"Bambo. Anaipeza ulendo wa kwa dokotala uja. Ine ndadziwa lero."

"Nthawi ya mvula," anatero mayi. "Anabwerako ndi chimfine ulendo umenewo. Ndinawafunsa za buku. Anati likuyenda bwino, mwana akuliyang'anira." Anaika mtolo pansi. "Zaka makumi anayi ndi zisanu, munthu uja sanandinamizepo. Tiyi akakhala wozizira ankanena kuti ndi wozizira, diresi likandiipira ankanena, ine n'kukwiya masiku atatu. Wawaphunzitsa bodza ku ukalamba, iwe."

Manejala anapezeka atagwada pasimenti, chinthu chimene mawondo ake anali ataiwala kalekale.

"Pepani, amayi."

"Apepani ndalandira ambiri sabata ino. Wakowo uike pamodzi ndi enawo. Dzuka, ukutchinga njira."

Sanadzuke msanga. Telala anaima pakhomo atapinda manja, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo sanamuyang'ane ndi diso loyeza. Mayi anapitiriza kutulutsa mitolo, umodzi umodzi, mpaka anafika pa kamtolo koonda kaja. Anakabweretsa pafupi ndi maso, ndipo m'mphuno mwawo munatuluka kaphokoso kamene sikanali kulira.

"Awa ndiye apulumuka? Olepherawa?"

"Olephera bwanji, amayi?" anafunsa telala.

"Simukudziwa? Ee, mungadziwe bwanji, munali kwanu." Anamasula ulusi. "Khadi lililonse ankayamba ndi pensulo. Akamaliza ankabwera muno, n'kuima pomwe waima iwepo, ine ndikusenda mbatata kapena ndikusita, n'kundiwerengera. Ndiye ine ndibweze m'mawu anga, ndi chitsanzo changa, osati chawo. Ndikabweza bwino, ankapita kukadutsitsa inki, pensulo n'kufufuta. Ndikati sindinamve, khadi linkakhala choncho, mpaka adzapeze njira ina."

"Inu, amayi?" anatero Manejala, atadzuka tsopano. "Koma inu Chingerezi..."

"Sindichidziwa. Ndiye chifukwa chake. Ankati ofesi ya osindikiza ikhoza kuvomera chilichonse, koma ngati sindinamve ine, mwana wa kumbuyo kwa kalasi sangamve." Analoza mitolo yabuluu. "Onsewa anadutsa pa ine. Iwe unkaganiza kuti ndinkangobweretsa tiyi?"

Manejala ankaganiza zimenezo ndithu, ndipo anaona kuti si nthawi yoyankha.

"Ndiye kuti mukuwakumbukira?" anafunsa mosamala.

"Ena. Osati onse. Usayambe kusangalala, ndikuona nkhope yako. Zaka khumi ndi chimodzi sizibwerera chifukwa nkhalamba ili ndi mutu. Ndipo wapolisi uja ukamuuze wekha, maso ndi maso, anthu asapemphe tchuthi chachabe. Osati pafoni. Pafoni umatha kwambiri."

"Ndipita mawa."

"Lero kukadali kowala."

Koma sanamulole kunyamuka. Anasankha khadi limodzi pa kamtoloko, lothimbirira m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa, n'kumupatsa.

"Ili ndalidziwa ndi kona yothyokayi. Werenga."

Manejala anavala magalasi. Pamwamba panali mawu awiri, shade ndi shadow, ndi mzere pakati. Anawerenga zimene bambo ake analemba: kuti shade ndi malo ozizira amene dzuwa silifika, ndipo shadow ndi chithunzi chakuda cha chinthu, chimene chimagwa pansi kuwala kukatchingidwa.

"Zonsezo ndi mthunzi," anatero mayi msangamsanga, ngati munthu wobwerera pa mkangano umene anausiya dzulo. "Mtengo wakuseriwu uli ndi mithunzi ingati? Umodzi. Ndikakhala pansi pake ndakhala pa uti? Azungu angochulutsa mawu."

Manejala anakonza kukhosi. Apa pokha anaona kuti akhoza kuthandiza.

"Mwachidule, amayi, nkhani yagona pa kagwiritsidwe ntchito. Tikatengera mbali ya amene akulankhula, poyerekeza ndi chinthu chimene chikukambidwa..."

"Sindinamve."

"Ndikutanthauza kuti liwu loyambalo limakhudza kwambiri za nyengo, pamene lachiwiri..."

"Sindinamve. Bambo ako ankalephera mwaulemu kuposa pamenepo."

"Kuseri kuli zolemba," anatero telala, amene anali atasendera pafupi. "Tembenuzani."

Kuseri kwa khadilo kunali mzere wa madeti, wotsika pansi, m'zilembo zing'onozing'ono. Madeti asanu ndi anayi, a zaka zosiyanasiyana, ndipo pambali pa lililonse panali liwu limodzi: Sanamve. Pansi pa lachisanu ndi chinayi analembapo kuti: Vuto si iye. Ndiyesenso.

Kenako panali deti lina, la pensulo yakuda kwambiri, imene inakumba pepala chifukwa linali lonyowa. Linali la nthawi ya mvula ija. Manejala analiwerenga kawiri mumtima. Munthu analowa m'kachipinda kofuna nyundo, anapeza zaka khumi ndi chimodzi zitasanduka madzi abuluu, anakhala pa chitini cha penti, ndipo pakati pa kulekanitsa makadi anaganiza njira ina.

"Akuti bwanji?" anafunsa mayi.

Manejala anawerenga mokweza.

"Akuti, shadow umayenda nawo, ukathamanga nawonso uthamanga. Shade sukutsata, umakudikira pamalo pake, umachita kupitako wekha ukatopa. M'munsi alemba kuti, Sindinamuyese."

"Akanandiyesa ndikanafunsa kuti khadilo aliona kuti," anatero mayi. Anayang'ana kunja pazenera nthawi yaitali. "Bwereza."

Anabwereza, pang'onopang'ono, osawonjezerapo liwu lake ndi limodzi lomwe.

"Ndiye kuti," anatero mayi, "ndikamapita kumsika masana, uja woyenda nane pambali, wamfupi wonenepa, ndi shado. Koma ndikafika pakhonde la sitolo ya mankhwala n'kuima kuti thukuta liume, pamenepo ndili pa shedi."

"Ndi choncho, amayi."

"Nanga osayamba ndi zimenezi bwanji, zaka zonsezi," anatero mayi, mokalipa, kwa munthu amene sanali m'khitchinimo.

Anadzuka, anapita kuchipinda, ndipo anamveka akutsegula kabati. Anabwera ndi peni yakuda ya inki ndi kabotolo kake. Anasuntha makapu a aneba, anapukuta tebulo ndi mkono, anamiza peniyo m'botolo monga anaonera kambirimbiri, n'kuyesa nsonga yake pa chivundikiro cha katoni. Kenako anaipereka kwa mwana wawo.

"Khala pansi. Dutsitsa pang'onopang'ono, utsate dzanja lawo, usakonze kanthu."

Manejala anakhala. Dzanja lake, limene linazolowera kusaina mothamanga, linayamba kutsata chilembo choyamba pang'onopang'ono. Mayi anaima kumbuyo kwake, akuyang'ana.

"Ukamaliza lisiye liume," anatero. "Koma pensuloyo usafufute."